Kapu Yachitsulo ya Bambo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Amayi miyendo ija ikuwalola kuyenda? Nanga Bambo, chitulukireni m'chipatala, chakudya chikulowa? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwetsa mvula itangoyamba, koma pano kwatsala kutsokomola kwa m'mawa kokha.

Pafoni paja munkalankhula ndinu, ine ndikungoti eya, eya, mpaka mayunitsi anatha. Mumandidziwa kale, mawu anga amabwera foni itaduka. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa pa pepala palibe amene amandidula pakamwa.

Ndinasamuka kuja ndinkakhala. Pano ndili m'chipinda china pafupi ndi hotelo, ndimapita wapansi. Tikukhala awiri ndi mnzanga wa kuntchito amene timamutcha Wailesi, chifukwa akatsekula pakamwa m'mawa amadzatseka atagona. Ndi wamtima wabwino, ndipo amandithandiza pokangana ndi eni nyumba. Denga likudontha pamwamba penipeni pa bedi langa. Eni nyumbawo akuti akonza mvula ikatha, Wailesi amvekere mvula ikatha tidzawaitana kuti adzakonze dzuwa. Pakadali pano ndinakokera bedi pakati pa chipinda, pakona paja ndinaikapo beseni.

Kuntchito anandichotsa kotsuka matambula. Tsopano ndimanyamula thileyi, kuperekera zakumwa pakhonde la bala masana. Nsapato zakuda zimene anatipatsa zimandithina chala chaching'ono, koma akuti zimamasuka zokha. Amene amatiyang'anira pakauntala ndi bambo wina wachikulire, aliyense amangowatchula kuti a Ndevu. Salankhulalankhula, ndiye ine ndi iwo timamvana.

Munandifunsa kuti poti ndimagwira ntchito pa mowa, mugule chiyani paphwando la Bambo lopuma ntchito. Ine sindine katswiri. Ndingokuuzani zimene ndimaona, makamaka zimene ndinaphunzira kusinki, chifukwa wotsuka matambula amadziwa chakumwa chimene chimabwerera chitatha ndi chimene chimabwerera chitangolawidwa.

Mowa wa m'mabotolo, wambiri ukhale woyera uja wopepuka. Umenewo samaukana, ngakhale amene amati ali ndi mtundu wawo akawona wozizira amaiwala. Wakuda mugule wochepa, wa akuluakulu okha, chifukwa ndi wowawa ndipo umakhutitsa msanga. Anyamata amautenga pofuna kuoneka ngati madoda, n'kuusiya theka pansi pa mpando. Filiji yanu ija ndi yaing'ono, musalimbane nayo. Tengani bafa, muthiremo madzi, ayisi ndi mchere wodzaza dzanja, mumize mabotolo mpaka m'khosi, mufunditse thumba lonyowa pamthunzi. Amazizira msanga kuposa mufiliji. Musatsekuliretu mabotolo ambiri nthawi imodzi ngati mmene amachitira alamu, mowa ukatha mpweya umasanduka madzi otsukira mbale.

Mugulenso saida pang'ono. Ndi wa maapulo, amatsekemera, ndipo ndi amene amamwa anthu aja amati iwo samwa. Azakhali mudzawaikire pafupi, musawafunse, mudzangoona botolo lachepa lokha.

Vinyo musatengeke ndi mabotolo odula. Kuno alendo ena akaitanitsa vinyo wofiira wosatsekemera, amayamba amuzunguza m'galasi, kumununkhiza, kutseka maso, ine nditaima ndi botolo ngati mtengo wa magetsi. Tsiku lina a Ndevu anatilawitsa tonse pa supuni kuti tizidziwa chimene tikugulitsa. Achimwene, lilime linakhakhala ngati ndatafuna nthochi yosapsa. Akuti ameneyo amakoma ukamadyera nyama yowotcha, ndipo ndi zoona kuti odya nyama amamumaliza. Koma anthu a kwathu, mmene ndikuwadziwira, agulireni wofiira wotsekemera wa m'katoni uja wokhala ndi kampopi. Woyera azizire kwambiri. Wofiira angokhala pamthunzi, osati pawindo. Muzithira theka la tambula, chifukwa munthu ukamudzazira amamwa ngati akuthamangitsidwa.

Za kokitelo munaseka, mumvekere zimenezo ndi za anthu a matayi. Si zovuta ayi, ndi kusakaniza basi. Yosavuta kwambiri ndi jini pang'ono, toniki wambiri, ayisi ndi kachidutswa ka ndimu. Ina imene imayenda kwambiri kukatentha ndi ya ramu woyera. Mumatswanya masamba a minti ndi shuga pansi pa tambula, kufinyira ndimu, kuthira ramu, ayisi, n'kudzaza ndi soda. Koma pagulu musavutike ndi tambula imodziimodzi. Tengani jagi yaikulu ya Amayi ija, muthiremo vinyo wofiira, malalanje ndi maapulo oduladula, izizire kuyambira m'mawa, soda mudzathire anthu atafika. Akazi amaikonda. Muwachenjeze kokha kuti zotsekemerazi zimadula miyendo munthu ali chikhalire, amadzazindikira poimirira. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Munafunsanso, moseka, kuti nanga ineyo ndimakonda chiyani. Vinyo woyera wotsekemera, pang'ono pansi pa galasi, pamwamba n'kudzaza soda. Ndinamwapo pa tsiku lobadwa la Wailesi. A Ndevu akuti chimenecho si chakumwa, ndi madzi amene anangodutsa pafupi ndi vinyo. Ndime iyi Amayi musawawerengere.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi.

Munati pa mawu anu otsekulira phwando mudzauza anthu onse kuti adokotala aletsa Bambo mowa chifukwa cha chiwindi, ndipo aliyense wowapatsa botolo mudzamutulutsa pageti. Pafoni ndinati eya. Koma sindikugwirizana nazo, ndipo ndikupemphani kuti musatero. Ndikuuzani chimene ndinaona kuno, kenako muganize nokha.

Loweruka lililonse masana pakhonde pathu pamakhala madala atatu, patebulo la pansi pa fani yosazungulira. Ndi Atelala, a Dalaivala amene ankayendetsa malole, ndi a Magetsi. Akhala akumwera limodzi kuyambira ine ndisanabadwe. Atelala chakumwa chawo chinali burande wothira soda ya jinja, m'katambula kakafupi kolemera pansi. Chaka chatha adokotala anawaletsa, matenda ake omwewo a Bambo.

A Ndevu anandiuza kuti Atelala anabwera okha m'mawa wina bala isanatsekulidwe, n'kulankhula nawo pakona. Kuyambira pamenepo, Loweruka m'mawa a Ndevu amawiritsa tiyi wamphamvu wopanda shuga, akazizira amamuthira m'botolo limene amasunga pansi pa kauntala. Mtundu wake sungasiyanitse ndi burande. Atelala amangokweza chala n'kunena kuti wanga uja. A Ndevu amayeza tiyiyo ndi kamuyezo komweko ka burande, katambula komweko, ayisi, jinja, ine n'kunyamula. Anandipatsa tebulo limenelo dala, akuti pakamwa panga panabwera ndi loko wake.

Atelala ankamwa pang'onopang'ono, kugwedeza ayisi, kukangana za mpira, ndipo anzawo akayamba kukweza mawu nawonso ankakweza. Madzulo ankapita kwawo akuyenda mowongoka. A Magetsi ndikuganiza kuti ankadziwa. Tsiku lina anasokoneza matambula, anamwa ya Atelala, anaima pang'ono, anaibweza pamalo pake, n'kuyamba kunyoza goloboyi wa timu yawo. Sananene kanthu mpaka lero.

Ndiye kunabwera chimfine changa chija. Loweruka limenelo ndinagona kunyumba, tebulo analitenga Wailesi. Ife operekera tili ndi chizolowezi, kukachuluka anthu sitiyenda mpaka pakauntala, timangofuula tili pakati pa khonde kuti woyera awiri, wakuda mmodzi, a Ndevu n'kumakonzeratu. Aliyense amatero, palibe cholakwa. Tsikulo a Ndevu anali atalowa kustolo, Wailesi, amene ankawaona akuwiritsa tiyi m'mawa, anafunafuna botolo lija osalipeza, n'kufuula ali pakhomo la khonde, amvekere, "A Ndevu! Tiyi wa Atelala uja mwamuika kuti?"

Akuti khonde lonse linacheuka. A Dalaivala anatenga katambula ka Atelala kamene kanali katatsala pang'ono, anakanunkhiza, n'kuseka mpaka kutsokomola. Amvekere, "Aise, chaka chonse takhala tikumwa ndi mwana wasukulu! Mtsikana iwe, abweretsere ndi sikono, ndi kabulangete kofunda m'miyendo." A Magetsi anawauza kuti atseke pakamwa, koma a Dalaivala akayamba sakhala ndi mabuleki. Anawonjeza kuti ndiye chifukwa chake mathalauza a masiku ano akutuluka miyendo yofanana.

Atelala nawonso anaseka. Kenako anadzuka, anapita pakauntala, n'kuitanitsa burande weniweni, wapashelefu, kuti aliyense aone botolo. A Ndevu anayesa kuwanong'oneza, iwo anafunsa mokweza ngati pamalopa anayamba kusankhira akuluakulu chakumwa ngati ana. Anamwa ataimirira. Anaitanitsanso. A Ndevu atakana kachitatu, anatuluka n'kuwoloka msewu kupita kubala ina.

Sitinawaonenso kwa nthawi. Patebulo paja pankakhala awiri, nkhani zake zosayenda. Tsiku lina kunabwera mwana wawo wamkazi kudzatenga ambulera imene anaiwala, ndi amene anatiuza kuti agonekedwanso m'chipatala. Sankadziwa chimene chinachitika pakhonde pathu, ankangodabwa kuti munthu amene anapirira chaka chonse wayambiranso bwanji mwadzidzidzi. Anatithokoza posunga ambulera. Wailesi anakalira kuchimbudzi. A Ndevu sanamukalipire, anangomusinthira kumatebulo a m'kati. Kunyumba masiku amenewo ndinkamva madontho a m'beseni okha.

Loweruka lapitali Atelala anabweranso. Aonda. Jekete yawo anaibweza okha m'mbali, ulusi wake ukuoneka watsopano. Sanakhale patebulo lawo, anakhala pakona okha, chipewa pabondo. Ndinayang'ana a Ndevu, iwo anawerama pansi pa kauntala. Botolo linalipo. Akuti sanasiye kuwiritsa tiyi Loweruka lililonse, ankangomutaya madzulo.

Ndinanyamula katambula kaja osafunsa kanthu. Atelala anakanunkhiza, n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi monga mwa masiku onse. Anamwa. Patapita nthawi a Magetsi ananyamula mpando wawo n'kukakhala nawo. A Dalaivala anatsala okha pansi pa fani, akusenda pepala la pabotolo ndi chikhadabo, kenako nawonso anasamuka. Atamaliza botolo lawo anandikodola, amvekere, "Ine woyera, a Magetsi wakuda, Atelala apatse wawo uja." Sanasekepo. Kaya Atelala achira bwanji sindikudziwa, maso awo akadali achikasu.

Achimwene, Bambo mumawadziwa kuposa ine. Mukukumbuka mmene anabwererera kuntchito yowotcherera zitsulo dzanja lili ndi bandeji, chifukwa choti mnzawo wina ananena kuti akalamba? Paphwandopo padzakhala a Folomani awo aja, amene nthabwala zawo zimaluma kuposa za a Dalaivala. Inu mukadzaimirira n'kulengeza, a Folomani sadzalephera kuponyapo mawu. Anthu adzaseka, Bambo nawonso adzaseka, ndipo mukadzatembenuka mudzapeza botolo lili m'manja mwawo. Simungawatulutse pageti m'nyumba yawo yomwe.

Sindinafune kupanga nzeru pa Bambo popanda kuwafunsa, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndiye ndinawaimbira foni. Aka kanali koyamba kuwaimbira iwo mwachindunji, nthawi zonse ndimadzera kwa Amayi. Anandifunsa ngati ndasokoneza nambala. Ndinati ayi. Pafonipo ndinkamva tambala wa oyandikana nanu akulira.

Kenako ndinawafotokozera za Atelala, mwachidule. Sanandidule. Nditamaliza anati iwo anali ataganiza kale kuti tsikulo adzapatsa anthu moni, akatero adzanena kuti mutu ukuwawa n'kukagona kuchipinda. Anati ndi bwino kugona kusiyana ndi kukhala pakati pa anzako uli ndi botolo la zakumwa za ana m'manja, aliyense akukuyang'ana ngati maliro oyenda. Phwando lawo lomwe, Achimwene, atagwira ntchito moyo wawo wonse.

Ndinawauza kuti pali chakumwa cha chimera chopanda mowa, chakuda ngati mowa wawo uja. Chimatsekemera kwambiri pachokha, koma a Ndevu anandionetsa kuti ukathiramo khofi wozizira wopanda shuga, pang'ono chabe, chimawawa bwino kukhosi. Bambo anafunsa ngati chimachita thovu. Ndinati chimachita, ukathira kuchokera m'mwamba. Kenako anati vuto ndi lakuti kapu yawo Amayi anaikamo mabatani.

Ndi kapu yachitsulo ija, imene anaiwotcherera okha chogwirira, yomwe ankamwera mowa wawo pakhonde Lamlungu. Akuti tsiku limene anatuluka m'chipatala Amayi anaichotsa m'kabati, n'kuthiramo mabatani, mapini ndi masingano, n'kuiika pamwamba pa makina osokera. Iwo amaiona tsiku lililonse akamadutsa. Sanadandaule, anangonena. Atatero anandifunsa ngati ndikudya mokwanira, n'kupereka foni kwa Amayi.

Pempho langa ndi limeneli. Pa mawu anu munene za ntchito yawo, za mageti ndi mawindo amene anawotcherera, za mmene anatilerera. Za chiwindi ndi adokotala musatchule. Mutenge kapu ija, muitsuke bwino, ndipo tsikulo muziidzaza nokha kukhitchini, osatuma munthu wina. Ndi yachitsulo, palibe adzaone za m'kati kupatula thovu pamwamba. Chachikulu, isakhale yopanda kanthu. Kuno ndaona kuti tambula ikangouma, mnzako wapafupi amaidzaza ndi chimene chili m'manja mwake, ndipo amachita zimenezo mwa chikondi. Ikafika theka muitenge ngati mukungowatumikira, mubwere nayo yodzaza. Wina akafuna kuwathirira, munene kuti a mdala ali ndi wawo wapadera umene mwana wawo wa kuhotelo anawasankhira. Si bodza.

Chakumwacho chimapezeka m'mashopu aakulu, pafupi ndi zoziziritsa kukhosi. Muwerenge pabotolo kuti palembedwa kuti mulibe mowa, chifukwa mabotolo ena amafanana. Mukapita nawo kuchipatala kokawaona mufunsenso anamwino ngati shuga wake ndi khofiyo sizingawavute. Muyesere tsiku lina phwando lisanafike, Bambo alawe okha, anene ngati khofi wachuluka.

Amayi muwauziretu, muli awiri, chitseko chotseka. Mukapanda kutero adzaona thovu lija ali kutsidya kwa bwalo, ndipo mukudziwa mmene mawu awo amafikira kumsewu. Alamu muwauzenso. Ana ayi.

Ine sindibwera. Ndinapempha tchuthi koma abwana anati kumapeto kwa mwezi kuli ukwati pahotelo, safuna munthu achoke. Sindinaumirire. Komanso Loweruka pakhonde pano pali tebulo limene a Ndevu safuna kupatsa wina.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ndidzawatumiza ndi msuweni wathu akamabwera. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo. Ana muwauze kuti azakhali awo aang'ono akuti azilimbikira sukulu, asathere panjira ngati ine. Wailesi akuti ndikupatseni moni ngakhale simukumudziwa, wayambiranso kulankhula. Bambo musawauze kuti ndalemba zonsezi, mungowauza kuti ndili bwino ndipo ndikudya.

Mabatani aja muwapezere chitini chokhala ndi chivundikiro musanakhudze kapu, kuti Amayi asakhale ndi poyambira.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
uja munamutcha Duu